Zowonjezera pa funso la nsapato zothamangira mtunda wautali

Achimwene amene munafunsa za nsapato yofewa pansi yothamangira makilomita 30 m'misewu yafumbi ya ku Kasungu, tinati musankhe ya siponji yochindikala. Koma isapitirire kwambiri mamilimita 35, chifukwa phazi limakwera m'mwamba, ndipo pamiyala ya phiri la Kasungu mutha kubinya kakolo mosavuta.

Mano a kunsi kwa nsapato, ogwira pansi kuti musaterereke, akhale a mamilimita 3 kapena 4 m'chilimwe. Matope a dzinja amafuna 5 kapena 6. Yesani nsapatoyo madzulo mapazi atatupa, mutavala sokosi, kutsogolo kutsale mpata wa chala chachikulu chakudzanja, apo ayi zikhadabo zimada mukamatsetsereka.

Za pakaunjika, dinani siponjiyo m'mbali ndi chala. Ikaoneka makwinya osabwerera, ndiye kuti inatha kale, ngakhale pamwamba pakuwala.