Ndithandizeni kumvetsa za Ken Follett ndi dziko lakwawo la Wales

Akuluakulu okonda kuwerenga, ndikupempha nzeru zanu pa za Ken Follett, mlembi wa nthano zozikidwa pa mbiri yakale amene anabadwira ku Cardiff m'chaka cha 1949. Ndangomaliza kumene The Pillars of the Earth, buku lake la 1989 lonena za kumangidwa kwa tchalitchi chachikulu ku England. Ndinaligula lothetheka chikuto kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu, ndipo linanditengera miyezi iwiri.

Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti banja lawo linasamukira ku London iye ali ndi zaka 10, ngakhale kuti pambuyo pake anabwerera ku Cardiff kukagwira ntchito ya utolankhani ku South Wales Echo. Kodi anthu a ku Wales amamuwerengera ngati mlembi wawo weniweni, poti amalemba m'Chingelezi, ndiponso nthano zake zambiri zimachitikira kwina?

Inu amene munawerenga Fall of Giants la 2010, limene limayamba ndi mnyamata wazaka 13 akulowa koyamba mumgodi wa malasha ku Wales, mundiuzeko ngati ndi loyenera kuyambira pofuna kumva bwino za kwawoko, ndisanawononge ndalama kuliitanitsa.