Sewero langa la pulaneti ya mchenga alibweza, ndithandizeni Lolemba lisanafike

Mlembi wa ku Linga:
Akuluakulu mwaswera bwanji mu gulu muno. Mutu waima. Ndikulemba sewero la pa wailesi la magawo 12, nkhani ya anthu amene anachoka pa dziko lino nkukakhala pa pulaneti yongopeka, ndaitcha Ludzu, mchenga wokhawokha, mvula sigwa, chowatengera kumeneko ndi mgodi basi. Pulodyusa wawerenga magawo atatu nde wandibwezera eti, akuti munthu wa ku Nkhotakota amene akangotsegula chitseko akuona nyanja sangazimve zimenezi, kenako akundifunsa kuti anthu akowa akumwa chani, ine kakasi. Kujambula ndi Lolemba likubwerali.

Aphunzitsi a sayansi, Salima:
Achimwene pulodyusayo sanalakwe kkkk. Koma yankho lilipo, simukuyenera kupeka zonse ayi. Ku International Space Station, chombo chokhalamo anthu chimene chimazungulira dziko mumlengalenga, madzi sataya, thukuta, mpweya wopuma, mkodzo omwe, zonse amasefa nkumwanso, mu 2023 NASA, bungwe la ku America loona za mumlengalenga, inanena kuti afika pobweza 98 peresenti ya madzi. Komanso ku Mars kooneka kouma kuja, chombo cha Phoenix mu 2008 chitangopalasa dothi pang'ono chinapeza ayezi pansi. Ndiye anthu anuwo akhale ndi migodi iwiri, wina wa miyala yogulitsa wina wa ayezi, ndipo amene wagwira wa ayeziwo ndiye mfumu, olo asavale chilichonse kumutu.

Mlembi wa ku Linga:
Iii aphunzitsi, za mkodzozo omvera satseka wailesi?

Aphunzitsi a sayansi, Salima:
Aseka kaye kenako amvetsera. Ikani m'kamwa mwa munthu wobwera kumene, akane kapu tsiku loyamba, lachitatu aipemphe yekha.

Wa jogalafe ku Dwangwa:
Ndiwonjezere zapansi pompano. Ku Chile m'chipululu cha Atacama kuli mgodi wa mkuwa wa Escondida, madzi amawatenga ku nyanja yamchere, kuchotsa mchere, nkuwapopa m'mapaipi mtunda wopitirira makilomita 150 kukwera mpaka mamita 3,000. Ku Australia kuli tauni ya mgodi ya Coober Pedy, anthu ambiri amagona m'nyumba zokumba pansi kuthawa kutentha, matchalitchi omwe ali pansi. Nde musamange nyumba za malata pa Ludzu, anthu akhale kunsi ngati mbewa ku una, kutuluka kunja ikhale nkhani yaikulu.

Mayi wa masewero, Chipoka:
Ana inu mwathamangira mapaipi, koma vuto la mlongo wangayu si madzi okha. Pulodyusa akuti anthu sazimva. Azimva bwanji poti mukuwauza za mchenga m'malo mowauza za munthu? Nkhani yanuyo ife tinaiona kale, dzina lake ndi Wenela. Agogo anga aamuna anapita ku Joni, kusaina kontirakiti, kukwera ndege, kukagona mu komponi amuna okhaokha, gawo la malipiro osaligwira mpaka utabwerera kumudzi. Anabwera ndi njinga ndi bokosi la zovala, komanso chifuwa chimene sichinawasiye mpaka kumanda, fumbi la mu mgodi lija. Ena sanabwereko nkomwe, matchona, akazi kuno nkumangodikira. Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana, anthu oposa 70 anafa, ambiri a kuno kwathu, Kamuzu nkuletsa kulemba anthu ntchito ya ku migodiyo. Funsani agogo aliyense pa Linga pamenepo akuuzani. Ndiye munthu wanu wamkulu akhale mnyamata wa ku Chia, mwana wa msodzi, amene wasainira zaka zisanu pa Ludzu ndipo kampani ikumudula malita a madzi pa malipiro. Mwana wokulira m'madzi akuwerenga madontho, amene sangamve zimenezo ndani?

Mlembi wa ku Linga:
Mayi mwandilasa. Ine ndinayamba ndi kaputeni wa chombo akulankhula mphindi zinayi zathunthu, nde mwina nchifukwa chake.

Mayi wa masewero, Chipoka:
Kaputeniyo mupheni pa tsamba loyamba.

Wa mu studio:
Kkkk mayi chifundo. Ine mbali yanga ndi mawu. Musandilembere "mphepo ya mkuntho" nkuyembekeza kuti ndiika mwera, mwera uli ndi mafunde mkati, aliyense wa kunyanja audziwa pompo. Ndimatenga lichero ndi mchenga wouma nkumazunguza pafupi ndi maiki, zimamveka bho. Chinanso, maikolofoni a galimoto yofufuza ya Perseverance ku Mars anaonetsa kuti mawu kumeneko amayenda pafupifupi mamita 240 pa sekondi pomwe kuno ndi 340, ndipo amamveka otsika, mawu okwera amafera panjira. Nde zochitika kunja ndizitsitsa ngati munthu ali m'chigubu, za pansi zikhale zomveka bwino, womvera adziwa yekha komwe ali opanda wofotokoza.

Aphunzitsi a sayansi, Salima:
Fumbi limenelo likupatsaninso gawo lonse laulere. Mu 2018 fumbi linaphimba Mars yonse, galimoto ya Opportunity imene inkadalira sola inazima osadzukanso, itagwira ntchito kuchokera 2004. Sola ikazima pa Ludzu makina osefera madzi aimanso. Ndipo chonde asamaimbirane foni ndi kumudzi ngati ali pa Mponela, ngakhale Mars yapafupiyi uthenga umatenga mphindi 3 mpaka 22 ulendo umodzi.

Wa jogalafe ku Dwangwa:
Aphunzitsi manambalawo asalowe mu sikiriputi koma, si kalasi iyi.

Mlembi wa ku Linga:
Sindiikamo, ndingopanga kuti azitumizirana mauthenga ojambula, mayi ake akuyankhula kumbuyo mafunde akumveka, iye nkumabwereza kumvera mafundewo osati mawu. Gawo loyamba ndiyamba ndi mzere wolandira madzi, kapitawo akuitana manambala. Ndilemba usiku uno, mayi ndikutumizirani mawa m'mawa muliwerenge musanapite ku msika.

Wa mu studio:
Mubwere ndi mchenga wanu Lolemba, wa kumtunda osati wa kugombe, wonyowa sulira. Lichero ndibwereka kwa alamu.