Makina anga atsopano akuthyola masingano ndikamasoka zikwama, ndithandizeni

Amake Tadala, Chilomoni: Ndikupereka moni kwa nonse pa gulu lino. Mwezi watha ndinagula makina osokera ku Limbe ndi ndalama zomwe ndinabwereka ku banki mkhonde, ndipo cholinga changa chinali choti ndizisoka zikwama za chitenje, timatumba toikamo mafoni ndi zikwama za ana a sukulu. Vuto ndi lakuti ndikangofika polumikiza chogwirira ndi chikwama, singano imathyoka, ndipo ndikatembenuza nsalu ndimapeza ulusi utaunjikana kunsi moti sindingayerekeze kuonetsa kasitomala. Bambo a kunyumba akuti ndinangotaya ndalama, chonsecho iwo anagula wailesi yaikulu osandifunsa. Apongozi akubwera ndi madiresi awo kuti ndiwachepetsere ulere, mlamu wanga anatenga lumo langa la nsalu n'kudulira waya, ndipo mwini sitolo ija sakuyankhanso foni. Tsiku lobweza ngongole layandikira. Kodi makinawa ndi owonongeka, kapena ndine amene sindikudziwa?

Telala wa ku Ndirande: Mayi, pepani, koma ine ndinena mosapsatira. Makina a magetsi a pulasitiki omwe mukuthamangira masiku anowa ndi osokera makatani ndi madiresi opyapyala, osati zikwama ayi. Ine pakhonde pano ndili ndi Singer wachitsulo wopalasa ndi miyendo, ndipo amasoka jinzi, tenti ngakhale chikopa popanda kudandaula, magetsi akhalepo kapena asakhalepo. Mukanayamba mwafunsa atelala musanapite kusitolo.

NaBanda: Abambo, mwadziwa bwanji kuti makinawo ndi a pulasitiki pamene mayiwa sanatchule mtundu wake? Amake Tadala, tiuzeni dzina la makina, nambala ya singano, ulusi womwe mukugwiritsa ntchito komanso nsalu yomwe mukuika mkati mwa chitenjecho. Pakadali pano dziwani kuti ulusi ukaunjikana kunsi, kawirikawiri cholakwika sichikhala ku bobini, kokulungapo ulusi wa pansi kaja, koma ku ulusi wochokera pamwamba. Kwezani phazi lopanikizira nsalu, chotsani ulusi wonse, muulowetsenso mwatsopano phazilo lili m'mwamba, chifukwa likakhala pansi timbale ta tenshoni, tomwe timapanikiza ulusi kuti ukungike, timakhala titatsekeka ndipo ulusi sulowa pakati pake.

Achimwene a ku Bangwe: Ine makinawo ndilibe nawo mawu, koma mlamu wodula waya ndi lumo la nsalu ayenera kukaonekera kwa amfumu, ndipo mbuzi imodzi singakwane.

Mayi Gondwe: Achemwali, yang'anani kaye kachitsulo kolembedwa kumbuyo kwa makinawo. Mchimwene wanga ananditumizira makina okongola kuchokera ku America, ine n'kungowalumikiza ku magetsi tsiku lomwelo, ndipo anatulutsa utsi nthawi yomweyo chifukwa anali a mavoti 110 pamene magetsi athu kuno ndi a 230. Mpaka lero ali pansi pa bedi, ndipo mchimwene wangayo sindinamuuze.

Telala wa ku Ndirande: Mwamva zimenezo? Utsi! Makina opalasa sangatulutse utsi ngakhale mutawasoketsa usiku wonse. Agogo athu anaphunzitsa ana sukulu ndi Singer ndi Butterfly, ndipo makina omwewo alipobe m'misika ya Ndirande ndi Limbe, akugwira ntchito.

NaBanda: Mayi Gondwe, makina a mayiwa akuyenda bwinobwino, ndiye nkhani ya mavoti siikubwerapo. Akuthyoka ndi masingano.

Bambo Chirwa: Ine ndikufuna kukulimbikitsani kuti musabwerere m'mbuyo, chifukwa bizinesi ya zikwama za nsalu ili ndi tsogolo. Boma linaletsa majumbo opyapyala osakwana ma micron 60 m'chaka cha 2015, ndipo bwalo lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Tayang'anani momwe majumbo adzadzira mumtsinje wa Mudi ndi m'ngalande za mu mzinda muno nthawi ya mvula. Mayi aliyense wopita kumsika akanakhala ndi chikwama chake cha chitenje, zonsezi sizikanaoneka.

Anaphiri a ku Zingwangwa: Bambo Chirwa, mayiwa akufunsa za singano, inu mwafika kale ku Mudi. Komanso Amake Tadala, si bwino kubweretsa nkhani za amuna anu ndi apongozi pa gulu la anthu ambiri chonchi, chifukwa simudziwa amene akuwerenga. Apongozi ndi makolo, asokereni diresilo.

Achimwene a ku Bangwe: Awasokere bwanji pamene singano kulibe?

Mphunzitsi wa zosoka: Ndionjezere pang'ono pa zomwe anena NaBanda. Masingano omwe amabwera ndi makina a pakhomo nthawi zambiri amakhala 80/12 kapena 90/14, omwe ndi oyenera chitenje chopinda kawiri basi. Pa chogwirira cha chikwama nsalu imasanjikizana kambiri, makamaka ngati mwaikamo layining'i kapena jinzi ya pa kaunjika, choncho pamafunika 100/16 kapena 110/18, ndipo mukapeza yolembedwa kuti Jeans ndiye yabwino koposa. Talikitsani msoko ufike mamilimita 3 kapena 3.5. Mukafika pokhuthalapo siyani chopondera, muzungulize gudumu ndi dzanja pang'onopang'ono, ndipo musakoke nsalu kumbuyo ngakhale ikuoneka ngati yaima, pakuti kukokako ndi komwe kumapinda singano n'kuigunditsa pa chitsulo cha pansi. Ikani kansalu kopindapinda kumbuyo kwa phazi kuti lisapendekeke. Enafe timayamba tamenya pokhuthalapo ndi hamala kuti paphwe.

Telala wa ku Ndirande: Aphunzitsi, zonsezo ndi za m'kalasi. Ine ndikuti ngakhale aike singano yaikulu bwanji, makina opanda mphamvu ndi opanda mphamvu. Ndipo pogula singanozo asamale, chifukwa ena amangopereka iliyonse yomwe ili pafupi. Makina a pakhomo amafuna singano yafulati mbali imodzi kumutu kwake, ya 130/705H, pamene ya makina a fakitale ngati Juki, ija ya DBx1, ndi yobulungira mutu wonse. Mukasokoneza ziwirizi mudzathyola paketi yonse tsiku limodzi. Koma ine ndanena kale, gulitsani zimenezo mugule chitsulo.

Mphunzitsi wa zosoka: Pa za singanozo mwanena zoona, abambo, koma kuuza munthu amene ali ndi ngongole kuti agulitse makina a mwezi umodzi si uphungu wabwino.

Mayi Gondwe: Ngati pali wina wodziwa kukonza mota yopsa kuno ku Blantyre andiuze, poti nkhani ya makina yayambika kale.

Amake Tadala, Chilomoni: Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Anaphiri, apongozi anga sali pa Facebook, musadandaule. Lumo ndalibisa tsopano. Makinawo ndi oyera, ali ndi kamzere kofiira kutsogolo, ndipo bokosi lake ana anasewera nalo. Ulusi sungakhale vuto, chifukwa ndikugwiritsa ntchito wolimba kwambiri wa nayiloni womwe anandipatsa bambo wina wosoka nsapato kumsika, kuti zikwamazo zisamasosoke.

NaBanda: Mayi, bwanji simunanene zimenezo poyamba? Ulusi wa nsapato ndi waukulu kwambiri moti sungadutse bwino pa diso la singano ya makina a pakhomo, ngakhale mu bobini, ndipo ndi womwe ukukoka singanoyo mpaka kuthyoka. Uchotseni lero lomwe, mugule ulusi wamba wa polyester ndi singano ya 100/16, muyesere pa kansalu kotsala. Mutitumizirenso chithunzi cha makinawo kuti tione dzina lake.

Telala wa ku Ndirande: Singer wanga ulusi umenewo akanasoka nawo.

NaBanda: Abambo, ngakhale Singer wanuyo akanafuna singano ina.