Kodi n'koyenera kulumikizana ndi ophunzira kudzera pa WhatsApp kapena Facebook?

Mphunzitsi wa masamu:
Aphunzitsi anzanga ndi makolo, ndikupempha nzeru. Ndimaphunzitsa kusekondale, ndipo ophunzira anga andipempha kuti titsegule gulu la pa WhatsApp loti ndiziwatumizirapo mafunso okonzekera mayeso, iwonso azifunsirapo zikawavuta kunyumba. Mtima wanga ukufuna, chifukwa pali ana ena amene m'kalasi sakweza dzanja ngakhale pang'ono, koma funso limene amalemba m'kope limakhala lanzeru. Chimene chikundizengereza ndi malire ake. Kodi mphunzitsi ayenera kusunga nambala za foni za ana? Nanga amene alibe foni titani nawo?

Mphunzitsi wa sayansi:
Aphunzitsi, ine ndinayesapo ndipo phindu lake ndinaliona. Mtsikana wina wamanyazi anajambula tsamba la kope lake n'kutumiza pagulu. Ndinazunguliza ndi mzere wofiira pamene anaiwala kusintha chizindikiro powolotsa nambala, kenaka ndinajambula mawu a masekondi 40 ofotokoza chifukwa chake, ndipo mawa lake ana asanu anandiuza kuti nawonso ankalakwitsa pomwepo. Koma ndinalakwitsa poyambitsa gululo popanda malamulo. Mauthenga ankabwera pakati pa usiku, ndipo ena anayamba kundilembera kumbali, zimene zimaika pachiswe mwana ndi mphunzitsi yemwe, popeza palibe mboni ya zomwe zakambidwa. Dziwaninso kuti pagulu wamba la WhatsApp aliyense amaona nambala ya mnzake, moti mnyamata amene akufuna kuvutitsa mtsikana savutika kuipeza. Masiku ano ndimatseka gulu kuti oyang'anira okha ndiwo azilemba, n'kulitsegula kwa ola limodzi madzulo. Mphunzitsi wina amakhalamo ngati woyang'anira mnzanga, ndipo funso lobwera kumbali ndimaliyankha pagulu.

Kholo la ana awiri:
Aphunzitsi athu, musaiwale kuti foni imene mukuiona ngati ya mwana nthawi zambiri imakhala ya kholo. Ine ndikachoka m'mawa ndimapita nayo, ndipo mwana wanga amaona uthenga wa homuweki usiku ndikabwera, anzake atamaliza kale. Tsiku lina anadzudzulidwa chifukwa cha ntchito imene inalengezedwa pagulu pokha, ndipo zinandipweteka kwambiri. Pempho langa ndi lakuti chilichonse chotumizidwa pagulu chizilembedwanso pabolodi, ndipo mwana asamalandire chilango pa chinthu chimene sanachimve m'kalasi. Za msinkhu nazonso n'zofunika: malamulo a Facebook ndi WhatsApp salola mwana wosakwana zaka 13 kudzitsegulira yekha akaunti, ndipo dziko la Australia mu 2024 linakhazikitsa lamulo loletsa osakwana zaka 16 pa masamba ena a mchezo. Tifunseni kaye ife makolo musanaike nambala ya mwana pena paliponse.

Mphunzitsi wamkulu:
Ndikugwirizana ndi onse awiri, koma ndiwonjezepo kuti gululo likhale la sukulu, osati lanu, ndipo akuluakulu a sukulu alidziwe lisanayambe. Pa Facebook musavomere pempho la ubwenzi kuchokera kwa wophunzira, chifukwa zithunzi ndi ndemanga za moyo wanu wapakhomo si mbali ya phunziro. Ngati intaneti ikulolani, Google Classroom kapena Moodle, zomwe ndi mapulogalamu ophunzitsira pa intaneti, n'zabwinoko pa ntchito yeniyeni, popeza zinapangidwira sukulu: ntchito imakhala ndi tsiku lomaliza kupereka, ndipo sikwiririka pansi pa mauthenga a moni. Ngakhale zili choncho, sungani zolemba zanu zonse pa kompyuta yanu, chifukwa Edmodo, pulogalamu ina yotere imene aphunzitsi ambiri ankaidalira, inatsekedwa mu 2022.

Mphunzitsi wa masamu:
Zikomo kwambiri nonse. Mawu a kholo andikhudza, chifukwa sindinaganizepo za foni imene imachoka pakhomo m'mawa. Lolemba ndikakambirana ndi aphunzitsi aakulu athu, ndipo ndikalemba kalata yopempha makolo chilolezo, yofunsanso kuti nambala imene apereke ndi ya ndani komanso mwana amaigwira nthawi yanji. Ndikalandira mayankho ndipamene ndidzasankhe ola lotsegulira gululo.