Utoto wowala wa Alexa Fluor 647 ukusiya kuphethira pakati pa kujambula

Wophunzira wa PhD: Akuluakulu, ndithandizeniko. Ndikujambula ma microtubule (timizere ting'onoting'ono ta m'kati mwa selo) ndi dSTORM, njira ya maikulosikopu yodalira kuti mamolekyulu a utoto aziyaka n'kuzima mosinthana; utoto wake ndi Alexa Fluor 647, laser ya 640 nm. Poyamba mamolekyulu akuyaka n'kuzima bwinobwino, koma pakapita nthawi ena akungoyakiratu osazima, madontho n'kumaunjikana. M'malo moonetsa bwino tinthu ting'onoting'ono mpaka cha pa 20 nm, chithunzi chikutuluka chambuu ngati cha maikulosikopu wamba.

Wa makemikolo: Achemwali, mu buffer, madzi amene mwaviikamo maselowo, mwaikamo chiyani? Nanga galasi lanulo ndi lomata kapena lili pululu?

Wophunzira wa PhD: Glucose oxidase, catalase, glucose, MEA (mercaptoethylamine, mankhwala othandiza utoto kuphethira) ya 50 mM, Tris pa pH 8. Pamwamba ndi posatseka.

Wa makemikolo: Vuto lagona pamenepo. Glucose oxidase imachotsa okosijeni, inde, koma potero imapanga gluconic acid. Poti pamwamba mpotsegula, mpweya ukulowabe, enzyme ikugwirabe ntchito, asidi n'kumachuluka, pH n'kumatsika. Tsono chimene chimazimitsa utotowu si MEA mmene ililimo, koma ikasanduka thiolate, yomwe imamatirira pa molekyulu ya utoto n'kuitsekera mumdima. pH ikatsika thiolate imachepa, basi kuphethira kwatha. Yezani pH mukamaliza, muona nokha. Matani galasilo, buffer muzisintha pafupipafupi. Ngati ndalama zikulola, gwiritsani ntchito pyranose oxidase m'malo mwa glucose oxidase, poti sitsitsa pH chonchi.

Woyang'anira maikulosikopu: Zoona achimwene, komabe tisaiwale laser ya 405 nm. Ambiri amaikweza msanga akaona madontho akuchepa. Ikachuluka imadzutsa mamolekyulu ambiri nthawi imodzi, kompyuta n'kumawerenga awiri oyandikana ngati amodzi. Yambani ili yozima, muzikweza pang'onopang'ono. Komanso MEA yanuyo ndi ya liti? Ikakhalitsa pampweya imawonongeka. Ine ndimaigawa m'timachubu ting'onoting'ono n'kuumitsa mu firiza, kachubu kamodzi tsiku limodzi.

Wophunzira wa PhD: Ndayeza, pH inatsikadi pansi pa 7. Ndamata galasi, ndasungunula MEA yatsopano, 405 ndaichepetsa. Tsopano akuphethira mpaka kumapeto. Zikomo kwambiri nonse. Chatsala n'chakuti timizere tikuoneka tokokekera mbali imodzi.

Woyang'anira maikulosikopu: Imeneyo ndi drift, kusuntha pang'onopang'ono kwa chomwe mukujambulacho pakati pa kujambula. Yatsani makina msanga atenthe kaye musanayambe, ndipo ikanimo timikanda towala kapena ta golide toti pulogalamu izitsatira pokonza chithunzi.