Ndikufuna mamembala ongopeka 3,000 oyesera database, ndiwatenga kuti?

Kamtedza92:
Anzanga, ndikukonza pulogalamu ya SACCO (bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama) ina kuno ku Zomba, yolembera masheya ndi ngongole. Database yake, nkhokwe yosungamo zolembazo pa kompyuta, ndi ya mtundu wa MySQL. Ndayesera ndi mamembala khumi okha amene ndinawalemba pamanja, onsewo a Banda ndi a Phiri, ndipo zonse zikuyenda myaa. Koma akadzakwana 3,000 zidzakhala bwanji? Mlembi wawo akuti andipatse kaundula weniweni, ine mtima ukukana. Muli manambala a ziphaso za unzika, ngongole za anthu, ngakhale mayina a amene akulephera kubweza. Kodi ilipo pulogalamu yopeka anthu?

MayiAkeTada:
Mwachita bwino kukana, achimwene. Laputopu imabedwa, ndiponso lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 lilipo tsopano. Yesani Mockaroo, tsamba la pa intaneti lopeka zolemba zoyesera. Mumasankha zomwe mukufuna, monga dzina, tsiku lobadwa ndi ndalama, ndipo imakupatsani fayilo ya CSV, Excel kapena SQL (chinenero cholamulira database). Yaulere imalola mizere 1,000 pa ulendo umodzi, ndiye mungopanga katatu. Chokhacho, mayina ake ndi achizungu. Lembani mndandanda wanu wa mayina akwathu ndi maboma 28, izisankha m'menemo.

Gogo_wa_SQL:
Ngati mumadziwako Python, chinenero cholembera mapulogalamu, tengani Faker, chida chake chopekera anthu. Mizere ilibe malire, ndipo mukaika Faker.seed(42) anthu omwewo amatulukanso nthawi iliyonse, zomwe zimathandiza pofufuza pamene palakwika.

Koma mundimvetse apa. Chimene chimagwetsa pulogalamu si kuchuluka kwa anthu ayi, ndi uve wa zolembazo. Ine ndinayesapo yanga ndi a John Smith zikwizikwi, osaona vuto ngakhale limodzi. Tsiku loyamba kuntchito, kalaliki analemba dzina loti Ng'oma, basi zonse zinaima. Kachizindikiro kaja ka pakati pa g ndi o kanadula SQL yanga pakati, chifukwa ndinkangolumikiza mawu mwaulesi. Manyazi ake ndimawakumbukabe. Ndiye mwa anthu anu 3,000 aja ikanimo dala a Ng'ambi, mawu okhala ndi ŵ, anthu awiri a dzina limodzi m'mudzi umodzi, agogo odziwa chaka chokha osati tsiku lobadwa, wobadwa pa 29 February, ndi wina amene wabweza ndalama zoposa ngongole yake. Komanso ngongole iliyonse iloze membala amene alipodi. Yambani mwapanga mamembala, ngongole pambuyo.

Chipsi_Mwana:
Ine ndimangothera mu Excel. =RANDBETWEEN(5000,200000), imene imasankha nambala iliyonse pakati pa ziwirizo, yandipatsa kale ngongole. Musaiwale kukopera n'kumata ngati Values (manambala okha, opanda fomula), apo ayi manambala amasintha mukangokhudza pena. Za mafoni samalani kawiri. Excel imameza ziro wakutsogolo uja, 0999 n'kusanduka 999. Chachiwiri, nambala yopeka yoyamba ndi 099 kapena 088 ikhoza kukhala ya munthu weniweni. Ngati pulogalamu yanu imatumiza mameseji okumbutsa ngongole, zimitsani kaye mbali imeneyo, mungakadzutse mayi wina ku Karonga ndi ngongole ya K150,000 imene sanatengepo.

Kamtedza92:
Zikomo nonse. Agogo, ndangolowetsa kumene Ng'oma, yanganso yafa pompo. Faker idikire kaye, usiku uno ndili ndi ntchito ina. Za mameseji ndazimitsa.