Ndigule tabuleti yojambulira kapena ndipirire ndi mausi?

Tiyanjane: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kasitudiyo ku Chilenje mu Lusaka, ndimajambula maukwati ndi ma kitchen party. Loweruka lililonse ndimabwerako ndi zithunzi zambirimbiri, ndipo pofika Lachiwiri dzanja lamanja limakhala likuwawa chifukwa cha mausi. Ndaona tabuleti yaing'ono ya Wacom Intuos m'tauni, kathabwa kojambulapo ndi cholembera m'malo mwa mausi. Ndalama ndili nayo, koma ndi yomweyo ndinasungira batire la inverter.

A Zulu: Mwana wanga, yamba wanena zimene umachita pa chithunzicho. Ine kuno ku Kamwala ndimapanga makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro ndi zikwangwani pa CorelDRAW, ndipo mausi sinandikhumudwitsepo. Ukadina, imaima pomwepo. Cholembera chija chimaterereka pang'ono nsonga ikamagunda, ndiye poyala zilembo pamzere umavutika pachabe.

Tiyanjane: Bambo, makadi sindipanga. Kwambiri ndi nkhope: kuchotsa ziphuphu, kuchepetsa kunyezimira kwa thukuta pamphumi, ndi kudula mkwatibwi kuti ndisinthe kumbuyo kwake.

Mabvuto: Ndiye gulani, asisi. Ntchito yanuyo ndi yopaka. Mausi imadziwa zinthu ziwiri zokha, wadina kapena sunadine. Cholembera cha Intuos chimamva kukanikiza kwa dzanja pa milingo 4096, ndipo matabuleti ambiri a Huion ndi XP-Pen amafika 8192. Mu Photoshop mukangokhudza pang'ono, burashi imapaka mopepuka, mukakanikiza, imakhuthala. Pa khungu lakuda ngati lathuli zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa ukangowalitsa mopitirira munthu amaoneka ngati wadzola ufa, ndipo apongozi ake ndi amene amayamba kudandaula. Nanga velo ndi tsitsi loluka? Ndi mausi ndinkathera madzulo onse pa mutu umodzi.

Chikondi: Musaiwale kumuuza kuti masiku oyamba ndi owawa. Maso ali pa sikirini, dzanja lili patebulo, ndipo ngodya iliyonse ya tabuleti ndi ngodya ya sikirini, sungaikoke pang'onopang'ono ngati mausi. Yanga ya Huion inagona mu dirowa miyezi itatu. Ndinaizolowera pamene ndinabisa mausi sabata ziwiri, n'kumatsegula ngakhale Facebook ndi cholembera.

A Zulu: Mwaona? Sabata ziwiri ntchito ikuchedwa, makasitomala akuimba foni. Ndipo ine nkhani ya batire ndiyo yandigwira mtima. Munaona mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankapita pafupifupi tsiku lonse. Amene analibe inverter anatseka mashopu. Tabuleti siyatsa kompyuta.

Mabvuto: Zoona, amalume, koma siidyanso magetsi ambiri. Imangolowa pa USB ya laputopu, ndipo cholembera chake sichifuna kutchaja.

Amake Dalitso: Ine ndilankhule za dzanjalo, chifukwa nonse mwalidumpha. Ndinalinyalanyaza chaka chathunthu mpaka zala ziwiri zinayamba kuchita dzanzi usiku, ndikulephera ngakhale kufinya zovala za mwana. Kugwira cholembera kunandipepuza, poti dzanja limagona chammbali monga polemba m'kope. Koma Tiyanjane, pita ku chipatala akakuone, usadalire kachipangizo kokha.

Chikondi: Komanso usatengeke ndi yaikulu kapena ija yokhala ndi sikirini yake. Pa laputopu, tabuleti yaing'ono ikukwanira. Funsa ngati nsonga zapadera zili m'bokosi, chifukwa zimatha ndi kukhulana. Kusintha kuwala ndi mitundu mu Lightroom ine ndimabwererabe ku mausi.

Tiyanjane: Zikomo nonse. Batire ndigula mwezi uno, a Zulu andiopsa ndi zoona. Asisi Chikondi, kodi Huion yanu mungandibwereke masiku ochepa ndiyese pa zithunzi za ukwati wa Loweruka lino?

Chikondi: Lolemba ndi Lachiwiri sindiigwiritsa ntchito. Ubwere ku Kabwata Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi, ubweretse laputopu ndikuikire driver yake, pulogalamu yoyendetsa tabuletiyo.